Mpira wa pansipansi pa FIFA 23 mukuumenya bwanji?

Akuluakulu, ndithandizeni. Pomwe timasewera gemu ya mpira pa PS4 (PlayStation 4) kuno ku Mangochi, chakumsika, achotsa FIFA 22 n'kuikamo FIFA 23, ndiye zigoli zanga zauma. Kale ndikadina L1 ndi R1 pamodzi ndi batani lomenyera, mpira unkathamanga pansipansi mpaka muukonde. Pano mabatani omwewo akutulutsa power shot: kamera imayandikira, wosewera amachedwa kukoka mwendo, otchinga kumbuyo n'kumulanda mpira asanamenye n'komwe.

Dzulo kamnyamata ka Fomu 2 kanandithibula 4-0, anzake ali m'mbali kufa nazo nseko, ya gemu n'kulipiranso ine. Manyazi ake!

Kodi kamenyedwe ka pansi kaja kanapita batani liti? Nanga power shot imeneyi mumaimenyera patali bwanji kuti isamakwere kumwamba?