Zotsatira za funso langa la lipoti losintha maonekedwe posindikiza

Ndikuthokoza nonse amene munandiyankha pa funso lija, lakuti n'chifukwa chiyani lipoti limene ndinalemba mu Word linkaoneka bwino pa kompyuta yanga, koma likasindikizidwa kwina mizere inkasuntha ndipo matebulo ankaduka pakati.

Ndinatsatira malangizo awiri. Poyamba ndinaona kukula kwa pepala, ndipo ndinapeza kuti Word inali pa Letter, pepala la ku America la mamilimita 216 m'lifupi ndi 279 m'litali, pomwe kosindikizirako amagwiritsa ntchito A4, ya 210 ndi 297. Nditakonza zimenezi, ndinasunga lipotilo ngati PDF, mtundu wa fayilo umene umasunga maonekedwe a masamba.

Amene munatchula za font, kutanthauza mtundu wa zilembo, munalondola kwambiri, chifukwa kompyuta ya kumeneko inalibe font imene ndinasankha, choncho Word inkaikapo ina yotambalala. PDF imanyamula font yake, moti masamba anatuluka monga momwe ndinawakonzera, ngakhale chilembo cha ŵ chinaoneka bwino lomwe.

Kwa amene angakumane ndi vuto lomweli, muwauze osindikizawo asankhe Actual size (kukula kwenikweni) posindikiza PDF, osati Fit (kukwanitsa tsamba pa pepala), chifukwa Fit nthawi zina imachepetsako tsamba lonse. Fayilo ya Word muisungebe padera, popeza PDF ndi yovuta kuikonza.