Poloti ya lizi mu Lilongwe: kodi munthu amagula malo kapena zaka?

Nabanda

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ine ndi bambo a kunyumba takhala pa lendi ku Area 25 kwa zaka zambiri, ndipo tsopano tasonkhanitsa kandalama koti tigule poloti. Tapeza mapoloti awiri. Yoyamba ili ndi lizi (pangano lobwereka malo) ya zaka 99, koma zaka zoposa 30 zinatha kale ndipo mtengo wake ndi wokwera. Yachiwiri ndi yotsika mtengo, ili cha kumalire a mzinda, ndipo wogulitsa akuti kalata ya amfumu ndi mboni ziwiri n'zokwanira. Bambo akukonda yachiwiriyo, ati sangathawe lendi ya nyumba n'kukalowanso lendi ya nthaka. Kodi lizi ikatha, ana athu adzathamangitsidwa?

Mkulu wa ku Kawale

A Nabanda, funso lanuli linayambira kutali. Boma litaganiza zosamutsa likulu kuchoka ku Zomba, linakhazikitsa bungwe la Capital City Development Corporation mu 1968, ndipo Lilongwe inakhala likulu mu 1975. Malo a mzindawu anatengedwa kukhala m'manja mwa boma, n'kugawidwa m'ma Area okhala ndi manambala, ndipo malo aliwonse anapatsidwa ntchito yake: maofesi ku Capital Hill, mafakitale ku Kanengo, nyumba za mipanda ikuluikulu ku Area 10 ndi 43, ndi timapoloti todzimangira kwa ife a ku Kawale ndi Chilinde. Kuti pulani imeneyi isasokonekere, boma linasankha kubwereketsa malowo osati kuwagulitsa mpaka muyaya, chifukwa wobwereketsa ndiye amatha kulamula zoti zimangidwepo.

Bungwe lija litathetsedwa mu 1984, malo ake anagawidwa, ndipo lero eni ake akuluakulu ndi Unduna wa Zamalo, Malawi Housing Corporation ndi khonsolo ya mzinda. Choncho musanatulutse ndalama, dziwani kaye kuti poloti yoyambayo inachokera kwa ndani mwa atatuwa, popeza kumeneko n'kumene mudzapemphe chilolezo chosinthira umwini ndi kulipira ground rent, lendi ya nthaka ija, chaka ndi chaka. Lizi ikamayandikira kumapeto munthu amapempha kuti iwonjezedwe, ndipo inu muli ndi zaka zoposa 60 patsogolo. Chimene chingakulanditseni malo msanga ndi kuswa zolembedwa m'chikalatamo, monga kusamanga mu nthawi yoikika kapena kusalipira.

Che Jafali wa ku Biwi

Ndikugwirizana ndi akuluwa, koma mayi, maso anu akhale kwambiri pa poloti yachiwiriyo. Malinga ndi lamulo la mafumu, mfumu ilibe ulamuliro m'kati mwa malire a mzinda, ngakhale kuti tonse timawalemekeza ndipo amatithandiza pa maliro ndi pa milandu. Ngati malowo ali m'kati mwa mzinda, kalata yawo ndi umboni chabe wakuti munapereka ndalama.

Mlamu wanga anagula motero. Anasonyezedwa malire ndi mtengo wa mango mbali ino ndi chulu mbali inayo, anaumba njerwa, nakweza khoma mpaka pa mawindo. Tsiku lina anabwera anthu ndi makina opimira, anafukula bikoni ya simenti yosonyeza malire pakati penipeni pa chipinda chochezera, ndipo zinadziwika kuti theka la malowo ndi njira ya msewu. Wogulitsa uja foni yake sinapezekenso. Njerwa zija zikadali pomwepo, zamera udzu.

Nangozo

Ine ndisiyane nanu pang'ono, Che Jafali. N'zosavuta kuuza munthu kuti atsate njira ya lizi, koma mapoloti opimidwawo ali kuti? Kalembera wa mu 2018 anapeza anthu pafupifupi 990,000 mu mzinda uno, pomwe mapoloti ovomerezeka amatuluka mwa apo ndi apo, ndipo amathera kwa omwe ali ndi ndalama kale. Anthu a ku Mtandire, Mgona, Kauma ndi Chinsapo sanapite kumeneko chifukwa chodana ndi lamulo ayi. Pulani ina yaikulu inakonzedwa mu 2010 ndi thandizo la bungwe la ku Japan la JICA, koma nyumba zikumangidwabe m'madambo ndi m'mphepete mwa Lingadzi, kumene madzi amalowa m'nyumba mvula ikachuluka.

Komabe, a Nabanda, popeza inu mwayi wosankha muli nawo, pitani nokha ku ofesi yolembetsa malo mukafufuze ngati dzina la pa lizi ndi la wogulitsayo, ngati malowo sanaikidwe chikole ku banki, ndiponso ngati palibe ngongole ya ground rent ndi ma city rates (msonkho wa ku khonsolo ya mzinda). Musatume dobadoba. Yachiwiriyo mukafunse ku nthambi ya mapulani ngati ili m'kati mwa mzinda ndi ntchito imene malowo anaikidwira.

Nabanda

Zikomo nonse. Ndawawerengera bambo nkhani ya bikoni ija ndipo angoti kukamwa yasa. Tapempha wogulitsa woyamba kuti atipatse nambala ya poloti ndi kope ya lizi, ndipo Lolemba tilawirira ku ofesi ya zamalo. Wachiwiri uja titamufunsa za nambala, wati tidikire kaye afunse amalume ake.