Mng'ono wanga ali ndi borderline, akakhumudwa amapanga zinthu osaganiza

Mayi wa awiri: Abale thandizeni. Adokotala anati mng'ono wanga ali ndi borderline personality disorder, matenda a maganizo omwe munthu amavutika kuugwira mtima. Mtima ukakhala m'malo amaganiza bwinobwino, koma akangoyambana ndi chibwenzi chake basi ndalama ya renti wadya, ntchito wasiya, tonse watibuloka, mawa lake kulira. Ndi matendawa kapena khalidwe chabe?

Nesi: Ndi matendawa mayi. Akapanikizika, makamaka akaona ngati munthu akufuna kumusiya, mbali ya ubongo yochenjeza zoopsa yotchedwa amygdala imachita phokoso kwambiri, pomwe mbali yakutsogolo yomwe imati dikira kaye imafooka, ndiye amangochita chilichonse kuti ululu wamumtimawo uleke pompo. Ndipo mtima wake umachedwa kutsika kusiyana ndi wa ena.

Mlongo wanu: Inenso ndili nawo matendawa. Chikundithandiza ndi DBT, thandizo la uphungu lophunzitsa kuugwira mtima lomwe anayambitsa katswiri wa zamaganizo Marsha Linehan. Zikavuta ndimaviika nkhope m'madzi ozizira, mtima umasiya kuthamanga, ndipo chachikulu chilichonse ndimasankha mawa lake. Chonde musamulalatire nthawi imeneyo, mumangowonjezera moto.

Nesi: Akatchula zodzivulaza kapena kudzipha musadikire, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. A chipatala cha matenda a maganizo cha St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amathandiza.