Kodi laser imathetsadi thukuta la m'khwapa?

Nachisale: Akuluakulu, kwa munthu amene malaya amanyowa m'khwapa ngakhale mu June kukuzizira, laser ingathandize? Kodi ndi yomweyi yochotsera tsitsi?

Mkandawire_J: Ayi mayi, si yomweyo. Laser ndi kuwala kwamphamvu kotentha: yochotsa tsitsi imawombedwa pamwamba pa khungu ndipo imalunjika mizu ya tsitsi. Ya thukuta imalowa mkati. Dokotala amayamba wapaka iodine m'khwapa, ikauma n'kuwazapo ufa wa starch. Pamene thukuta likutuluka kwambiri pamada bii, ndipo amalembapo malire. Kenako amabaya madzi osakaniza ndi lidocaine kuti pachite dzanzi komanso khungu litalikirane ndi mitsempha ya pansi. Amaboola kabowo kakang'ono, n'kulowetsa kachingwe kopyapyala ka laser ya mtundu wotchedwa Nd:YAG. Kachingweko amakayendetsa pansi penipeni pa khungu, pamene pamakhala tiziwalo topanga thukuta. Kutentha ndiko kumatiwononga, ndipo ena amamaliza ndi kupopa zotsalira. Tiziwalo tikafa sitimeranso, koma onse safa, choncho yembekezerani kuchepa kwa thukuta, osati kuuma gwaa.

Nabanda: Ndiwonjezere pa zoopsa zake, chifukwa vuto lonse lagona pa kutenthako. Khungu la m'khwapa ndi lopyapyala. Kachingwe kakachedwa pamalo amodzi, khungu limapsa kuchokera mkati, nthawi zina mpaka kufa n'kusiya chilonda chochedwa kupola. Pakhungu lakuda chipsera chotere chimada kwambiri, ndipo amene thupi lake limatulutsa zipsera zotukuka auziretu dokotala. Anthu owonda asamale koposa: mafuta otchinga ndi ochepa, mitsempha yopita ku mkono ili pafupi, ndiye dzanzi limatha kutsikira m'zala. Madzi kapena magazi amathanso kuunjikana pansi pa khungu, n'chifukwa chake amamanga bandeji yothina masiku oyamba ndi kuletsa kunyamula zolemera. Musasokoneze laser imeneyi ndi njira ina yochepetsera thukuta yotchedwa miraDry. Imeneyo ndi ya microwave, saboola khungu.

Mkandawire_J: Koma musanafike konseko, thukutalo limabwera liti? La m'khwapa lenileni limayamba munthu ali wachinyamata, limatuluka mbali zonse ziwiri, ndipo limaleka akagona. Ngati ndi la usiku, lonyowetsa zofunda, thupi likuwonda kapena pali chifuwa, kayezetseni TB, HIV, shuga ndi chithokomiro. Pamenepo laser ilibe ntchito.

Nabanda: Zoona. Ndipo poyambira ndi mankhwala opaka a aluminium chloride ya 20%, monga Driclor. Pakani usiku pakhungu louma bwino, m'mawa sambani. Ambiri amalakwitsa popaka atangosamba kapena atangometa. Mankhwalawa akakumana ndi chinyontho amapanga asidi, m'khwapa n'kuyabwa ngati mwakhudza chitedze. Thukuta likachepa, kamodzi kapena kawiri pa sabata n'kokwanira. Zikakanika pali jakisoni wochepetsa thukuta wotchedwa Botox, mayunitsi 50 mbali iliyonse, obayidwa m'malo 10 mpaka 15, koma pakatha miyezi ingapo mumafunika kubayitsanso.