Zimene tasankha pa nkhani ya mainframe ija

Mwezi wathawu ndinafunsa ngati kuntchito kwathu kuno ku Blantyre tigule mainframe (kompyuta yaikulu yogwira ntchito za makampani akuluakulu) yopangidwa ndi kampani ya IBM, ya mtundu wa z14, yogwiritsidwapo kale ntchito, kapena tilimbe mtima n'kugula z16, ya mtundu watsopano kuposa z14, kuti ilowe m'malo mwa z13 yathu. Ndikuthokoza nonse amene munandilangiza, ndipo ndikudziwitseni kuti tasankha z16.

Mtengo wa z14 unali wokopa ndithu, makamaka poti zonsezi timalipira m'madola, omwe akusowa chonchi ndipo anakwera kwambiri kwacha itagwa mphamvu mu 2023. Koma chimene chinatibweza ndi pulogalamu yoyendetsa makinawa. Pulogalamuyi, yotchedwa z/OS 3.1, siigwira pa z13, ndipo z14, yomwe inatuluka mu 2017, ndiyo yakale kwambiri imene pulogalamuyi imalola, kotero tikanawononga ndalama zambiri pa makina amene atsala pang'ono kusiyidwa, kenaka n'kuyambiranso kusamuka pakangopita zaka zochepa. Akuluakulu a zachuma, amene poyamba ankakana kwamtuwagalu, anagonja atamva mfundo imeneyi.

Mapulogalamu athu akale olembedwa m'chilankhulo cha kompyuta chotchedwa COBOL agwirabe ntchito pa z16, ngakhale tiwayesa kaye onse. Pakadali pano tikukonza jenereta ndi zoziziritsira chipinda makinawo asanafike.