Mphaka wanga wapezeka ndi matenda a mtima, ndithandizeni nzeru

Abale, ndithandizeni. Mphaka wanga wamtundu wa Maine Coon, wa zaka 4, dokotala wa ziweto atamuunika mtima wamupeza ndi matenda a HCM. Akuti minofu ya mtima yakhuthala, ndipo ndi matenda akumtundu. Amadya bwino, amasewera, moti sindikanadziwa n'komwe. Chikundisowetsa tulo n'chakuti magazi akhoza kuundana n'kumulumalitsa miyendo yakumbuyo mwadzidzidzi. Akagona ndimawerenga kapumidwe kake, poti andiuza kuti akamapuma kopitirira ka 30 pa miniti ndithamange naye.

Inu amene mwasungapo mphaka wotere, mankhwala oletsa magazi kuundana otchedwa clopidogrel mumamumwetsa bwanji? Wangayu amalavula chifukwa ngowawa. Nanga mlongo wake wobadwa naye limodzi, ndikangomuyezetsa jini ya MYBPC3 (chibadwa chotengera kwa makolo chokhudzana ndi matendawa), kapena naye amuunike mtima?