Mmemo wa ku ofesi kuno ku Salima: tiuyambe bwanji?

Kalaliki wa pa Kamuzu Road

Akuluakulu, moni nonse. Mu ofesi mwathu tilipo anthu 8, timapuma 12 koloko mpaka 1 koloko. Kudya ku lesitilanti tsiku ndi tsiku kukutitha ndalama, chakudya chonyamula kunyumba nacho chikumasasa ndi kutentha kwa kunyanja kuno. Taganiza zoyamba mmemo. Amene mukuudziwa bwino tithandizeni: ufa ndi ndiwo zimafunika zochuluka bwanji, wophika aziyamba nthawi yanji, nanga chimene chimapha mmemo n'chiyani?

Mayi wa pa Boma

Achimwene, yambirani pa ufa. Kilogalamu imodzi imakwana anthu 4, aliyense mitanda iwiri yabwinobwino. Ndiye inuyo mukufunika makilogalamu 2 patsiku, 10 pa sabata. Musamagule ufa wa m'timapepala tsiku lililonse, mumaluza. Gulani chimanga cha ndowa mukagayitse mgaiwa, chikufikitsani pafupifupi sabata ziwiri. Mukafuna ufa woyera chimanga chomwecho chitha msanga chifukwa madeya amachoka. Ufawo uzikhala mu ndowa ya chivundikiro, makoswe a m'maofesi ndi osachezeka.

Mbaula zikhale ziwiri, ina ya ndiwo, ina ya nsima. Ndi mbaula imodzi mudzadya 1 koloko itakwana kale. Ndiwo ndi zimene zimayamba. Nyemba kilogalamu imodzi imakwana nonse, koma ziviikidwe m'madzi chamadzulo poweruka, n'kuziika pamoto 8 koloko m'mawa. Zosaviika zimatha makala ndipo 12 koloko imazipeza zikadali zolimba. Usipa wouma uviikidwe m'madzi ofunda mphindi 10, kenako utsukidwe kawiri, chifukwa wina amauyanika pamchenga ndipo umalumitsa mano. Pogula funsani woyanika pa thandala. Ngati ndi nsomba zaziwisi, utaka kapena chambo, zigulidwe m'mawa: maso owala, makha ofiira, thupi losabonyoka mukalidina ndi chala. Zitumbulidwe nthawi yomweyo, osadikira 11 koloko. Masamba monga mpiru, nkhwani kapena bonongwe ndi a mphindi zochepa, aphikidwe komalizira.

Madzi a nsima akhale pamoto cha m'ma 11:15. Phala liwire mphindi 10 mpaka 15 asanayambe kuthira ufa wotakasira, apo ayi nsima imatuluka yosapsa ndipo masana onse m'mimba simukhazikika. Aomole 11:50, avundikire. Mukatero mumadya ya moto, n'kutsala ndi theka la ola lopumulira.

Wowerengera ndalama

Mayi afotokoza bwino za mphika. Koma chimene chimapha mmemo si mphika ayi, ndi ndalama.

Sonkhani kamodzi, sabata imene malipiro alowa, ndalama ya mwezi wonse. Zoti "ndipereka mawa, lero ndidye kaye" muzikane kuyambira tsiku loyamba, ngakhale wonenayo akhale bwana. Wosunga ndalama akhale wina, wokagula ku msika wina, ndipo zonse zizilembedwa m'kope limene aliyense angathe kuliona. Powerengera anthu ambiri amangoganiza za ufa ndi nsomba, n'kuiwala makala, mafuta ophikira, mchere, tomato, anyezi, sopo ndi malipiro a wophika. Tinthu timeneti ndi timene timabowola thumba mwezi ukafika pa 20. Onjezerani kangachepe pamwamba, chifukwa mtengo wa nsomba suima malo amodzi. Mwera ukamaomba, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, asodzi salowa bwino panyanja ndipo nsomba zimadula. Miyezi imeneyo chulukitsani masiku a nyemba, nandolo ndi mazira.

Gwirizananinso za amene watumidwa kunja, kaya ku Chipoka kaya ku Khombedza. Anene isanakwane 9 koloko kuti wophika achepetse ufa. Mlendo wa munthu azilipiridwa ndi womuitanayo. Ndipo chonde, ngati akukuphikirani ndi mesenjala kapena mayi wosesa mu ofesi, muwalipire zoonekera. Imeneyo si ntchito imene anawalembera, mbale ya nsima yokha si malipiro. Malo ophikira apemphedwe kwa akuluakulu a ofesi, panja, kutali ndi mapepala.

Nesi wa ku Senga Bay

Ndiyankhepo za kusasa kwa chakudya, poti si onse amene adzalowe mmemo. Tizilombo toyambitsa kutsekula m'mimba timaswana msanga chakudya chikakhala chofunda chabe, pakati pa madigiri 5 ndi 60. Kuno mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa 30, ndiye kontena ya pulasitiki imene yakhala m'chikwama kuchokera 6 koloko m'mawa imakhala ili pa malo oipitsitsa. Chakudya chophika chisamadutse maola awiri chili chotero.

Gulani flasiki ya chakudya. Thiranimo madzi owira, mutseke mphindi 5 mpaka 10, mukhuthule, n'kuikamo chakudya chochokera pamoto, mudzaze ndithu, ndipo musatsegule mpaka nthawi yodya. Choika chitazizira kale flasiki siingachipulumutse. Mpunga ndiye wofunika kusamala kwambiri: ukagona osauika mufiriji ukhoza kudwalitsa ngakhale mutautenthetsanso, ndipo nthawi zina sununkha n'komwe. Ndiwo zotendera ndi nsinjiro zimasasa msanga, zisiyeni za madzulo kunyumba. Wopanda flasiki anyamule zouma: mbatata kapena chinangwa chowotcha, mtedza wokazinga, nthochi, nsomba yokazinga youma bwino.

A mmemo, musasambe m'manja m'beseni limodzi. Wina azithirira mnzake ndi jagi, ndi sopo. Kolera wa mu 2022 ndi 2023 anavuta kwambiri m'maboma a m'mbali mwa nyanja, ndipo amayenda m'madzi ndi m'manja momwemu. Madzi akumwa akhale owiritsa kapena othira klorini, m'ndowa ya kampopi.

Achimwene a ku Lifuwu

Chimodzi chimene simunatchule: kuno ambiri mwa anzathu ndi Asilamu. Ngati alipo mu ofesi mwanu, nyama igulidwe yozinga mwa Chisilamu ndipo ya nkhumba isayandikire miphika ya mmemo. Lachisanu amapita ku mzikiti masana, ndiye chakudya chawo chipatulidwe ndi kuvundikiridwa, kapena tsikulo mphika upse msanga. Mwezi wa Ramadani asasonkhe.

Lachisanu lomwelo muziphika mpunga, susowa kuno. Kilogalamu imodzi ndi theka ikukwanirani nonse, kapu imodzi ya mpunga makapu awiri a madzi, moto wochepa ukayamba kuphwa. Umapsa msanga kuposa nyemba, ndiye wophika amapeza mpata wokwecha miphika ndi kuwerenga zimene zatsala za sabata yamawa.